Tiweruze Bwanji Oyimba Amene Sanajambulepo?

Mawu amene mmodzi wa ife analankhula pa msonkhano wapachaka wa ophunzira akale a Dedza Secondary School



Monga mukudziwa, pali ganizo lakuti gawo lina la ndalama zimene timasonkha lipite ku mpikisano wa magulu oyimba a m'boma lino la Dedza, makamaka amene sanalowepo m'situdiyo ndipo alibe kampani kapena munthu wowathandiza. Ena mwa inu mukuti ndalamazo zigule mabuku ndi mipira basi, monga tachitira zaka zonsezi. Mkangano umenewo sindiulowa, muuthetsa nokha pokweza manja madzulo ano. Komiti yandipempha chinthu chimodzi chokha: ngati mpikisanowo uchitike, oweruza ake aziyang'ana chiyani? Andisankha ine chifukwa ndakhalapo kangapo pa tebulo la oweruza, m'mipikisano ya makwaya ndi ya magulu a magitala, m'maholo a m'maboma osiyanasiyana. Ine si katswiri wa zoyimba. Ndine munthu amene wamvera magulu ambiri ali ndi pensulo m'manja, ndipo waona nkhope za anyamata pamene zotsatira zikuwerengedwa.

Ndiyambe ndi nkhani ya kutali, chifukwa itithandiza kuona za kuno. Pa 1 Januwale 1962, anyamata anayi a ku Liverpool anapita ku London kukayesedwa ndi kampani yojambula nyimbo ya Decca. Anayimba nyimbo 15. Kampaniyo inawakana, n'kutenga gulu lina la Brian Poole and the Tremeloes, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti gulu limenelo linali la pafupi ndi London, losavuta kuliyitana. Anyamata okanidwawo anali a Beatles. Chaka chisanathe, George Martin anawatenga ku Parlophone, ndipo zotsatira zake mukuzidziwa. Anthu amakonda kuseka akuluakulu a Decca ngati zitsiru, koma ine sindiwaseka. Anachita zimene woweruza aliyense amachita akapanda kudzilonda: anasankha chimene chinali pafupi. Pafupi ndi ofesi yake, pafupi ndi zimene khutu lake linazolowera. Matenda amenewa ndiwo ndikufuna tiwapewe.

Kwathu kuno makampani otere sanakhazikike kwenikweni, kotero tinganene kuti pafupifupi woyimba aliyense wa m'Malawi anayamba wopanda womusaina. Khomo lalikulu linali MBC, imene inayamba mu 1964 ndipo inakhala wayilesi yokhayo m'dziko muno kufikira zaka za m'ma 1990. Munthu akajambulidwa kumeneko, dziko lonse linkamumva, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Akakanidwa, ankathera m'mabwalo a mowa a kwawo. Panalinso lamulo la mu 1968 limene linakhazikitsa bungwe lounika nyimbo, mabuku ndi mafilimu, motero woyimba ankayesedwa pawiri, luso lake ndiponso pakamwa pake. Kenaka kunabwera nyengo ya makaseti. Ku Balaka, kumene Alleluya Band inayamba mu 1978, a Paul Banda anatsegula situdiyo ya Imbirani Yahwe, ndipo achinyamata ambiri anadutsa m'manja mwawo. Ku Limbe a O.G. Issa ankagula nyimbo kwa oyimba n'kuchulukitsa makaseti, amene ankafika m'misika yonse, wa Lizulu ndi wa Chimbiya womwe. Aliyense wa amenewa anali sefa. Sefa zina zinali ndi mabowo aakulu, zina aang'ono kwambiri, koma sefa inalipo.

Lero mnyamata wa ku Lobi angathe kujambula nyimbo m'chipinda cha mnzake amene ali ndi kompyuta, madzulo ake n'kuitumiza pa WhatsApp. Ndi chinthu chabwino, sindikudandaula ayi. Koma palibenso munthu amene amamukhazika pansi n'kumuuza kuti, "Iwe, nyimbo yako yachiwiriyo ndiyo nyimbo, yoyambayo itaye." Anzake amamuyamikira chifukwa ndi anzake. Amayi ake amamuyamikira chifukwa ndi mwana wawo. Tsono tikayika anthu atatu pa tebulo kuti aweruze, tidziwe kuti kwa ambiri mwa anyamata ndi atsikana amenewa, limeneli lidzakhala khutu loyamba lachilendo kuwamvera mofatsa. Mwinanso lomaliza. Gulu limene lalephera moyipa pa mpikisano nthawi zambiri silibwereranso. Wa banjo amapita kukalima mbatata ya kachewere, wa ng'oma amakwera basi ya ku Joni.

Ngozi yoyamba ndi yoweruza zida m'malo moweruza anthu. Gulu likalowa ndi kiyibodi, gitala wa magetsi ndi malaya ofanana, oweruza amakhala tsonga asanamve ngakhale liwu limodzi. Likalowa gulu la banjo ya chigubu cha mafuta, nsambo zake za waya wa buleki ya njinga, anthu amayamba kuseka ndipo oweruza amatsamira kumbuyo. Koma taonani mbiri yathu. Malemu Allan Namoko a ku Thyolo, amene anali osaona ndipo anamwalira mu 1995, anayimba ndi banjo ndi ng'oma zopanga pamudzi pamodzi ndi gulu lawo la Chimvu River Jazz Band, koma nyimbo zawo zikumvekabe pamene magulu ambiri a zida zodula a nthawi yawo anayiwalika. Daniel ndi Donald Kachamba a kwa Singano ku Chileka ankayimba m'misewu ya Blantyre ali anyamata pamene Gerhard Kubik wa ku Austria anawapeza mu 1967. Pofika 1972 anali akuyimba ku Germany. A Malawi Mouse Boys ankagulitsa mbewa m'mphepete mwa msewu pamene Ian Brennan wa ku America anawamva, n'kuwajambula panja, ndipo chimbale chawo choyamba chinatuluka mu 2012. Brennan yemweyo anajambula akaidi ndi asilikali a kundende ya Zomba mu 2013, ndipo chimbale chimenecho chinalowa m'gulu la zopikisana pa mphotho ya Grammy ya 2016. A Madalitso Band, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, anayimba zaka zambiri m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni ya nsambo imodzi, gitala wa nsambo zinayi ndi ng'oma yoponda ndi chidendene. Mu 2017 anakayimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo mu 2019 kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva inatulutsa chimbale chawo.

Mwaona chimene chikufanana pa ambiri mwa amenewa? Tinkawadutsa pamsewu tsiku ndi tsiku, mwina n'kuwaponyera kakobiri, kufikira mlendo ataima n'kumvetsera. Akabwerako kunja m'pamene timayamba kunena kuti ndi athu. Sukulu ino inatsegulidwa mu 1951 kuti iphunzitse anthu otha kuganiza paokha. N'zochititsa manyazi ngati makutu athu ayenera kudikira chidindo cha ku Ulaya.

Komabe ndichenjezenso mbali inayo, chifukwa nayonso ndaiona. Alipo oweruza amene akangoona chigubu ndi chigamba pa buluku, mtima wawo umasungunuka, n'kupereka malikisi achisoni. Kumeneko n'kunyoza kwa mtundu wina. Banjo yopanga pamudzi si umboni wa luso. Magulu a zigubu oyimba mosalongosoka alipo ambirimbiri, ndipo a Namoko sanatchuke chifukwa cha umphawi wawo koma chifukwa dzanja lawo lamanja silinkaphonya. Woweruza asapereke malikisi kwa kiyibodi, asaperekenso kwa chigubu. Afunse funso limodzi: pa zimene ndikumvazi, n'chiyani chimene ana awa abwera nacho okha, chimene sanagule, sanabwereke ndipo sanatole pa wayilesi?

Kuti ndiyankhe funso limenelo, ine ndimayamba ndi kagundidwe. Ndisanamve mawu, ndisanaone mavalidwe, ndimayika phazi pansi n'kumatsatira wa ng'oma. Gulu limene lakhala likuyimba limodzi nthawi yayitali limapuma ngati munthu mmodzi. Wa ng'oma akathamanga pang'ono, onse amathamanga naye osayang'anana. Gulu limene lakumana sabata yatha chifukwa lamva kuti kuli mphotho limadziwika nyimbo ikafika pakati: wa gitala ali kutsogolo, wa besi akubwera m'mbuyo, woyimba akuyang'ana uku ndi uku kufuna pomulowetsa. Apa m'pamene kiyibodi imanamiza anthu. Makina aja ali ndi ng'oma zake m'kati, munthu amangodina batani, ndipo kagundidwe kamatuluka kowongoka ngati njanji. Kagundidweko si ka anawo, n'ka fakitale ya ku Japan. N'chifukwa chake ndikupempha kuti gulu lililonse liyimbe nyimbo imodzi popanda magetsi: mawu, manja, ng'oma, gitala wamba. Chimodzimodzi ndi nyimbo zojambulidwa pa kompyuta, zimene makina amawongola mawu a woyimba kuti asamveke kuphonya. Tisaweruze zotumizidwa pa foni. Munthu abwere aime pamaso pathu.

Chachiwiri ndi kachunidwe ka zida, ndipo pano ndikhalitsapo pang'ono chifukwa m'pamene oweruza ophunzira amalakwira magulu a kumudzi. Tsiku lina, m'holo ina imene sindiitchula, tinali oweruza atatu. Kunabwera anyamata atatu apachibale ochokera kufupi ndi malire, ndi banjo, besi ya nsambo imodzi ndi ng'oma ziwiri. Mnzanga wina, munthu wodziwa kuwerenga manotsi ndiponso wophunzitsa kwaya, analemba pa pepala lake kuti zida n'zosachuna, n'kuwadula malikisi ambiri. Ndinamufunsa kuti, zosachuna poyerekeza ndi chiyani? Iye anati poyerekeza ndi kiyibodi. Koma anyamatawo sankayimba ndi kiyibodi. Banjo ija inkagwirizana ndi besi, besi inkagwirizana ndi mawu awo, ndipo m'nyimbo zonse zitatu malo amene chala chinkagwera anali omwewo, osasuntha. Chida chimene chikusemphana ndi chinzake, kapena chimene chikutsika pamene nyimbo ikupita, chimenecho n'chosachuna ndithu ndipo tichidule. Koma chida chimene mwini wake wachichuna dala motsata makwerero a nyimbo za kwawo, monga amachitira woyimba kalimba kapena bangwe, sichinalakwe kanthu. Tinakambirana nthawi yayitali, anzanga awiri sanagonje, ndipo chikho chinapita kwa gulu la pa boma limene linayimba bwinobwino nyimbo yofanana ndi khumi zina zimene zinkamveka pa wayilesi chaka chimenecho. Abale atatu aja sindinawamvenso.

Chachitatu ndi chinenero. Chichewa chathu chili ndi kukwera ndi kutsika kwa liwu kumene sitilemba koma timakumva. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timalemba mofanana, koma sitinena mofanana. Khungu la pathupi ndi khungu la kusaona n'chimodzimodzi. Wopeka nyimbo waluso amalola kuti mawu atsogolere nyimbo, kotero kuti ngakhale agogo akhale kuseri kwa nyumba amamva zonse osafunsa. Wopeka wongotengera amatenga kayimbidwe ka nyimbo ya ku Nigeria kapena ku Jamaica, n'kukankhiramo mawu a Chichewa ngati munthu wolonga chimanga m'thumba laling'ono. Mawu amathyoka pakati, liwu limakwera pamene liyenera kutsika. Woweruza atseke maso n'kudzifunsa ngati wamva chimene chanenedwa. Akatero afunsenso ngati chonenedwacho chili ndi mwini. Nyimbo za "ndimakukonda" ndi za "adani anga achita manyazi" tazimva zokwanira. Koma mwana akayimba za mavenda amene amagula mbatata ya bambo ake pa mtengo wolira, kapena za mlongo wake amene anamuchotsa sukulu kuti akwatiwe, kapena za kudikira feteleza mvula itagwa kale, pamenepo ndimadziwa kuti waona ndi maso ake. Nyimbo yoseketsa nayonso ndi nyimbo, tisaiwale. Sitikufuna ulaliki wokhawokha.

Pa nkhani ya chinenero yomweyi, tikumbuke kuti Dedza si wa mtundu umodzi. Kwa Kachere ndi kwa Kaphuka kuli Achewa, kwa Kamenyagwaza ndi kwa Kachindamoto kuli Angoni, kwa Tambala kuli Ayao ambiri. Gulu likabwera ndi nyimbo ya Chiyao, pa tebulo pakhale munthu woimva, osati tizingogwedeza mitu. Likabwera ndi kagundidwe ka ngoma kapena ka chimtali, pakhale wina amene anavinapo, wodziwa ngati anawo akugunda moyenera kapena akungoyerekeza. Ndikupempha kuti mwa oweruza atatuwo mmodzi akhale mayi, ndipo mmodzi akhale munthu wamkulu wa kumudzi ngakhale sanapite patali ndi sukulu. Ife a mataye tokhatokha tidzasankha chimene chikufanana ndi ife. Za Gule Wamkulu ndinene mwachidule: UNESCO inamulemekeza mu 2005, ndipo ng'oma zake zalowa m'nyimbo zambiri zamakono, koma zilipo nyimbo za kudambwe zimene eni ake salola kuti zituluke pabwalo lililonse. Munthu wamkulu uja ndiye adzatiuze pamene mwana wadumpha malire.

Tsono pali funso la umwini. Mu zaka za m'ma 1990 gulu lililonse linkafuna kumveka ngati la ku Balaka, ndipo woyimba aliyense ankakoka mawu ngati malemu Lucius Banda. Pambuyo pake aliyense anafuna kukhala Evison Matafale. Masiku ano ndi amapiano a ku South Africa. Kutengera si tchimo. Mwana amaphunzira kulankhula potengera amake, ndipo a Kachamba omwe anatenga kwela ya ku Joni n'kuisandutsa ya ku Chileka. Nkhani ndi yakuti, watengera n'kufika pati? Njira imene ine ndimagwiritsa ntchito ndi yopempha nyimbo zitatu. Yoyamba imakhala imene gulu laikonzekera miyezi, ndipo kawirikawiri ndi imene ikufanana kwambiri ndi za pa wayilesi, chifukwa akuganiza kuti ndi zimene tikufuna. Yachiwiri imakhala yofanana ndi yoyamba. Yachitatu, imene amayimba mwamanyazi chifukwa akuti ndi yachimidzi, nthawi zambiri ndiyo yawoyawo. Gulu la nyimbo imodzi lili ndi mwayi. Gulu la nyimbo zitatu lili ndi chitsime. Ndipo nyimbo iliyonse isanayambe, mtsogoleri anene poyera kuti anapeka ndani. Ngati ndi ya makolo, anene kuti ndi ya makolo ndipo anaimva kwa yani. Wonama pa chimenechi achotsedwe, ngakhale atayimba mokoma chotani.

Ngati mukufuna manambala, ine ndingagawe chotere pa malikisi 100: nyimbo yeniyeniyo, mawu ake ndi umwini wake, 40, kagundidwe ndi kugwirizana kwa gulu, 30, liwu la oyimba, 20, zotsalazo zipite ku kaimidwe ndi kavinidwe pabwalo. Mavalidwe ndisawapatse kanthu. Yunifolomu amabwereka.

Zina ndi zing'onozing'ono koma zimagwetsa chilungamo. Nonse mukukumbukira chisanu cha pano mu Juni ndi Julaye, pamene nkhungu imatsika m'phiri ndipo zala zimakana kugwira cholembera. Chisanu chimenecho chimafewetsa chikopa cha ng'oma, chimasuntha nsambo, chimaumitsa zala za wa banjo, pamene kiyibodi sichimva kanthu. Gulu limene layitanidwa 8 koloko m'mawa ndi limene layitanidwa masana sakupikisana mofanana. Choncho mpikisano uchitike nyengo yotentha, kapena kuseri kwa holo kukhale moto wowambira ng'oma, ndipo gulu lililonse lipatsidwe mphindi zochunira zida lisanayambe kuwerengeredwa nthawi. Ndondomeko ya kayimbidwe ichitike mwa mayere, chifukwa oyamba amayimbira oweruza amene sanakhazikike ndipo omaliza amayimbira oweruza anjala. Zokuzira mawu zikhale zimodzi kwa onse, ndipo wozisamalira asakhale mnzake wa gulu lililonse. Ndaonapo maikolofoni ikudwala pa magulu ena n'kuchira pa gulu limodzi. Woweruza aliyense alembe malikisi ake payekha n'kupereka pepala asanalankhule ndi mnzake, chifukwa mukayamba ndi kukambirana, wamkulu pa atatuwo ndiye amapambana. Ndipo ngati mwana wa mlongo wako ali m'gulu, tuluka panja ukaothere dzuwa kufikira atamaliza.

Chisangalalo cha anthu m'holo tisachiwerengere. Ndikudziwa kuti ena mutsutsa, mudzati nyimbo ndi ya anthu. Zoona, koma anthu ake ati? Gulu la pa boma lidzabwera ndi anzawo 50 oyenda pansi, okonzeka kukuwa ndi kuliza nthungululu. Gulu la kwa Kasumbu kapena la ku Golomoti, limene lakwera phiri pa matola ndi ndalama yobwereka, lidzabwera lokha. Phokoso la m'holo limayeza mtunda wochokera kunyumba, siliyeza luso. Kuvota pa foni nakonso kumayeza matumba a achibale. Apa tabwereranso kwa akuluakulu a Decca aja ndi gulu lawo la pafupi. Ngati tikufuna kuti anthu akhale ndi mawu, pakhale kamphotho kena kapadera ka gulu lokondedwa ndi anthu, koma kasasakanizike ndi chiweruzo. Komiti iganizirenso za abale athu a tsidya la msewu. Kuyambira pano kukafika ku Lizulu, malire ndi Mozambique amayenda ndi msewu waukulu, ndipo ana a ku Angonia amalankhula ngati ife, amagula ndi kugulitsa m'misika yathu, ena amayimba m'magulu amodzi ndi ana athu. Ine sindingafunse chitupa kwa wa ng'oma, koma lamulo lilembedwe tsiku lisanafike kuti pasadzakhale mkangano gulu litapambana kale.

Ndifike pa mphotho. Chikho n'chokongola pa kabati, koma sichijambula nyimbo. Ndalama zoperekedwa m'manja pamaso pa anthu zimatha usiku womwewo, ndipo magulu ambiri amasweka pogawana. Tiphunzire kwa a Music Crossroads, amene mipikisano yawo inkapereka mwayi wophunzira, wojambula ndi woyenda. Gulu la Body, Mind and Soul la ku Mzuzu litapambana mpikisano wawo wa mayiko a kuno kummwera mu 2007, linakayimba ku Ulaya. Gulu la Mokoomba la ku Victoria Falls ku Zimbabwe linapambana mpikisano womwewo mu 2008, ku Lilongwe konkuno, makilomita osapitirira 100 kuchokera pamene takhalapa, ndipo kuchokera pamenepo linadziwika m'mayiko ambiri. Ife sitingatumize munthu ku Ulaya. Koma tingathe kulipira masiku awiri m'situdiyo ku Lilongwe, ndalama n'kupita kwa mwini situdiyo mwachindunji, ndiponso thiransipoti ndi chakudya. Tingathe kuwaperekeza ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za luso limene linakhazikitsidwa mu 1992, kuti nyimbo zawo zilembedwe m'maina awo zisanatuluke. Musaone ngati n'chinthu chachabe: mu Disembala 2009 a Lawrence Mbenjere analandira ndalama zoposa K2.5 miliyoni kuchokera ku bungwe limeneli chifukwa cha nyimbo zawo, ndalama zambiri ndithu pa nthawiyo. Pakati pathu pano pali maloya. Mmodzi adzipereke kuwalembera anawo kapepala ka tsamba limodzi, m'Chichewa, konena kuti nyimbo ndi ya yani, zida ndi za yani, ndipo ndalama ikabwera idzagawidwa bwanji. Ndiponso mwini situdiyo auzidwe kuti ajambule gululo monga tinalimvera, asachotse banjo n'kuikapo ng'oma za kompyuta, chifukwa tikatero tidzakhala titapereka mphotho kwa ana ena n'kulandira chimbale cha ana ena.

Chotsiriza chimene ndikupempha n'chimene chimavuta oweruza kuposa zonse, ndipo sichilira ndalama. Pa magulu 20, limodzi ndilo lidzapambane. Ena 19 adzabwerera kwawo. Mwambo wathu ndi wakuti woweruza wamkulu amaimirira n'kunena kuti nonse mwachita bwino, kusankha kunali kovuta, limbikirani. Mawu amenewo ndi aulemu koma alibe chakudya. Ine ndikufuna kuti gulu lililonse lilandire pepala lolembedwa ndi oweruza, lonena zinthu ziwiri zimene lachita bwino ndi ziwiri zoti likonze, zotchulidwa ndi maina ake: wa besi amathamanga nyimbo ikafika pa kolasi, mtsikana wovomera uja ali ndi liwu loposa la wotsogolera, mupatseni nyimbo yake, vesi yachitatu ikubwereza yoyamba, ichotseni. Pamaso pa anthu tisanyoze mwana wa munthu monga amachitira oweruza ena a pa wayilesi ya kanema pofuna kuseketsa owonera. Koma pa pepala tinene zoona, ngakhale zowawa. Kulemba mapepala 20 otere kumatenga maola awiri oweruza atatopa kale, choncho amene tidzawapemphe adziwiretu kuti ntchito yawo sithera pa kuwerenga zotsatira, ndipo tiwakonzere tiyi.

Wapampando, ngati ganizoli lidutsa madzulo ano, pali zinthu zitatu zimene komiti ikufuna kwa ife tisanabalalike: galimoto imodzi yokatenga magulu a kutali, ku Mtakataka ndi kwa Chilikumwendo, munthu wobwereketsa jenereta, ndi maina a anthu amene mukuwadziwa m'midzi yanu oti angakhale pa tebulo lija. Mlembi ali ndi kope pakhomo. Ine ndalembetsa kale kuti ndidzasamala moto wowambira ng'oma, popeza pa tebulo sindidzakhalapo: mdzukulu wanga amaliza besi m'gulu lina la ku Bembeke.